Mabuloko a chofunda cha zigamba akana kukumana, ndithandizeni

Nachisale, Ndirande
Mwaswera bwanji atelala anzanga. Ndabwera ndi vuto ndipo nthawi yandithera. Kasitomala wina anabweretsa zitenje zisanu za malemu mayi ake, akufuna chofunda cha zigamba cha bedi ya kwini kuti apite nacho ku Leeds, ku England, kumene amakhala. Anandiuza ndiwonjezere zidutswa za m'thumba langa kuti nsalu ikwane komanso mitundu ichuluke. Tinagwirizana 210 cm m'lifupi, 240 cm m'litali. Ndinakonza mabuloko 42, mizere 7 ya mabuloko 6. Buloko lililonse ndi masikweya 9, atatu atatu. Sikweya ndinadula 12 cm, msoko 1 cm, kuti buloko likalowa m'chofunda likhale 30 cm, kenako bodala wa 15 cm kuzungulira. Mabuloko onse asokedwa. Dzulo ndasoka mizere iwiri yoyamba, wina watalika kuposa unzake ndi 7 cm. Makona sakukumana, ndikakoka kuti akumane pakati pakutukumuka. Zitenje za malemu zatha, palibenso podula. Mwiniwake akunyamuka Loweruka la sabata yamawa. Nditani?

aMwale, Kasungu
Pepani amayi. Choyamba siyani kukoka, ndipo musalumikizenso mzere wina. Yezani mabuloko onse limodzilimodzi, mbali zonse zinayi, mulembe ndi choko kumbuyo. Mutiuze laling'ono kwambiri ndi lalikulu kwambiri. Mwa masamu anuwo, buloko lisanalumikizidwe liyenera kukhala 32.

Nabanda, Mchesi
Aaa musavutike achemwali. Pezani laling'onolo, ena onse mudule afanane nalo, basi mwathana nazo.

Naphiri, Johannesburg
Ayi aNabanda, sizasi idikire kaye. Mukadula m'mbali mwa buloko lalikulu, masikweya akunja achepa koma lapakati likhala lalikulu chomwecho, ndiye misoko yamkati sikumanabe ndi ya buloko loyandikana nalo. Komanso nsalu ya malemu ukadula yapita. ANachisale, mafunso atatu. Mwasoka nokha onse 42? Pa makina amodzi? Nanga zidutswa za m'thumba munazichapa musanadule?

Nachisale
Tinagawana ndi mtsikana amene ndikumuphunzitsa. Ine pa Juki yamagetsi, iye pa Butterfly yopalasa. Magetsi akazima timasinthana pa Butterfly yomweyo. Za m'thumba sindinachape, ndi zotsalira pa madilesi a makasitomala. Ndikuyeza tsopano, ndipatseni kanthawi.

Madala aJere, Mzuzu
Ndikudikira manambala, koma ndikutha kumva kale fungo lake.

Nachisale
Ndamaliza. Mabuloko 19 ali pa 33 kapena kupitirira pang'ono, lalikulu kwambiri 33.2. Mabuloko 20 ali pa 31 mpaka 31.3. Atatu otsalawo ndi opendekeka, mbali ina 31 ina pafupifupi 33. Palibe ndi limodzi lomwe limene lili pa 32, ndaseka ndekha.

Madala aJere
Ndinadziwa. Mwana wanga, tembenuzani buloko limodzi lalikulu ndi limodzi laling'ono, muyeze msoko weniweniwo kuchokera pa ulusi kufika m'mphepete mwa nsalu.

Nachisale
Lalikulu msoko ndi 7 mm. Laling'ono ndi 12 mm. Aakuluwo ndi a mtsikana, aang'onowo ndi anga.

Madala aJere
Ndiye nkhani yake ndi imeneyo. Mtsikana wanu amatsata m'mphepete mwa phazi la makina, monga timaphunzitsira ana onse poyamba. Inu dzanja linazolowera msoko wa dilesi wa 1.5 cm, ndiye ngakhale mutima ukufuna 1 cm dzanja likukokera ku chizolowezi. Pa dilesi zimenezi sizioneka chifukwa misoko ndi yochepa ndipo thupi la munthu limabisa. Pa zigamba msoko uliwonse umadya kawiri, mbali iyi ndi mbali iyo. Werengani nane. Masikweya atatu a 12 ndi 36. Pakati pake pali misoko iwiri. Wa 7 mm ukudya 14 mm, iwiri 28 mm, kutsala 33.2. Wa 12 mm ukudya 24 mm, iwiri 48 mm, kutsala 31.2. Ndi manambala anu omwewo. Kusiyana kwa 5 mm pa msoko kwabala 2 cm pa buloko. Mzere wa aakulu okhaokha ukhoza kuposa wa aang'ono okhaokha ndi 12 cm, ndiye 7 yanuyo ndi mwayi.

Mtsikanayo musamukalipire. Misoko yake yonse ndi yofanana, ndiye kuti dzanja lake ndi lokhazikika. Chimene chinasowa ndi chizindikiro pa makina.

aTembo, Chipata
Madala anena zoona. Kuno ine ndimamata selotepi ya pepala pa chitsulo cha pansi pa singano, kuyeza kuchokera pa singano penipeni, osati pa phazi. Makina onse m'shopu chizindikiro chimodzi. Mukamata zitatu kapena zinayi pamwambapamwamba zimapanga kakhoma, nsalu imangotsamira.

Naphiri
Ku shopu imene ndimasokako kuno timapanga makatani ndi zofunda. Azimayi amene amabwera ndi zigamba zawo onse amasoka kota ya inchi, ndiye kuti 6 mm ndi kachidutswa, ndipo pali phazi la makina lopangidwira zimenezo. Koma nambala yeniyeniyo ilibe kanthu. Kaya 6 kaya 10, bola ikhale imodzimodzi kuyambira sikweya yoyamba mpaka yomaliza, ndipo podula muiwerengere. Ife tisanayambe ntchito yaikulu timasoka tizidutswa titatu n'kuyeza. Ngati sitikukwana timasuntha chizindikiro, osati kudzilimbitsa mtima kuti zikonzeka kutsogolo.

Nabanda
Chabwino ndagonja. Koma zimenezo ndi za chofunda chamawa. Chalerochi atani?

aMwale
Njira yolunjika ndi kukonza aakuluwo. Misoko iwiri italiitali ya buloko mumasule, misoko ifupiifupi isanu ndi umodzi musokenso mkati mwake pa 12 mm osamasula wakalewo, kenako mubwezere italiitali ija pa 12 mm. Onse akhala 31.2. Chofunda chichepa pang'ono, bodala mumukulitse.

Nachisale
Ndinaganizako zimenezo achimwene. Koma zitenje ziwiri za malemu ndi zotha, zinavalidwa zaka zambiri. Ndayesa kumasula msoko umodzi, pamene panadutsa singano pakung'ambika. Mabuloko 19 ndikhoza kuwononga theka.

Nambewe, Zomba
Musamasule chilichonse kupatula mizere iwiri mwalumikizayo, ndipo imeneyonso mumasule mwaulemu, kudula ulusi wachitatu uliwonse mbali imodzi n'kusolola wa kuseri. Zoterezi zinandipezapo pa zofunda za malo ena ogona alendo kunyanja, titasoka anthu anayi. Mankhwala ake ndi felemu. Buloko lililonse mulizungulize ndi malamba a nsalu ya mtundu umodzi, kenako mudule onse pa muyeso umodzi. Mukudula felemu, osati nsalu ya malemu. Womanga nyumba njerwa zake sizifanana, koma khoma limawongoka chifukwa matope apakati ndi amene amameza kusiyanako.

Masamu ake ndi awa. Dulani malamba a 5 cm. Sokani pa 1 cm, awiri m'mbali, kusita, awiri pamwamba ndi pansi, kusita. Laling'ono lituluka pafupifupi 37, lalikulu 39. Onse mudule akhale 36 kwa 36, buloko lili pakati penipeni. Mukalumikiza pa 1 cm lililonse likhala 34. Felemu ya laling'ono izioneka 2.5 cm, ya lalikulu 1.5 cm.

Nabanda
Ndiye sizioneka kuti felemu zina ndi zonenepa zina zowonda?

Nambewe
Zikhoza kuoneka mukawaika mwachisawawa. Awiri aang'ono akagundana mpata ukhala 5 cm, awiri aakulu 3 cm, diso liona. Koma muwasinthanitse, lalikulu, laling'ono, lalikulu, laling'ono, mzere wotsatira muyambe ndi laling'ono. Pamenepo paliponse pakukumana 2.5 ndi 1.5, mpata ndi 4 cm chofunda chonse. Felemu zili mtundu umodzi, ulusi mtundu womwewo, msoko wapakati subwera m'maso. Ndipo misoko yamkati mwa mabuloko sikufunikanso kukumana chifukwa felemu yawalekanitsa. Okumana ndi makona a felemu okha, amene mwadula nokha mofanana.

Mizere 7 ya mabuloko 6 ikufuna aakulu 21 ndi aang'ono 21. Muli ndi 19 ndi 20. Atatu opendekeka aja pokonza, awiri muwasoke pa 7 mm, limodzi pa 12 mm. Zakwana.

Madala aJere
Mayi Nambewe, ndavula chipewa. Ine ndikanangoti felemu, za kusinthanitsazo sindinaziganize.

Nachisale
Amayi Mulungu akudalitseni. Ndawerenga, 6 kuchulukitsa 34 ndi 204, 7 kuchulukitsa 34 ndi 238. Ndiye bodala wa 15 uja wafa?

Nambewe
Wafa. Ndi misoko ya m'mphepete nsalu yapamwamba ikhala 206 kwa 240. Kutalika kwakwana kale. M'lifupi muwonjezere lamba wa 4 cm mbali ziwiri zitalizitali, mufika 210. Koma mumuuze mwiniwake lero lomwe, ndi chithunzi cha mabuloko anayi mutawayala pa nsalu ya felemuyo. Anagwirizana nanu za bodala, asakadzidzimuke tsiku lotenga.

aTembo
Nsalu ya felemu, buloko limodzi likudya pafupifupi mita ndi theka ya lamba, 42 ndiye mamita 63. Nsalu ya 112 cm m'lifupi imatulutsa malamba 22 a 5 cm. Mukadula motsata utali pa mamita atatu mupeza 66. Gulani atatu ndi theka, kapena anayi ngati yopindira m'mphepete ichokera pomwepo. Ndipo dulani motsata mphepete ya fakitale, osati mopingasa. Ulusi woyenda m'litali sutamuka, ugwira mabuloko anu ofookawo kuti asayende. Mphepete ya fakitale yeniyeniyo muitaye, ndi yolimba kuposa nsalu ndipo imakoka ikachapidwa.

Nagama, Ntcheu
Odi, ndili ndi zitenje zatsopano zangofika kumene, mitundu yonse, wofuna andipeze ku inibokosi.

aMwale
ANagama, malonda ndi Lachisanu, lamulo mukulidziwa. Pano tikuthandiza mnzathu.

Nachisale
Nanga atatu opendekekawo chawapendeketsa n'chiyani? Patani inali imodzi.

Naphiri
Patani ya chiyani? Ndipo kokani pang'ono sikweya iliyonse m'mabuloko atatuwo, muone imene ikutamuka.

Nachisale
Ya katoni. Zotamuka ndi zobiriwira zija, zotsalira pa siketi ya fuleya. Ndinkangoika patani pamene yakwana kuti nsalu isatayike.

Naphiri
Ndiye zinadulidwa pa bayasi, kutanthauza mopendekera, osatsata ulusi wa nsalu. Zotsalira za fuleya, za m'khwapa ndi za pakhosi zimanamiza chifukwa m'mphepete mwake simutsata ulusi. Sikweya yotere poidula imaoneka bwino, ikalowa pansi pa phazi la makina imatalika, ikakumana ndi simbi imatalikanso. Mwayi wake ndi za m'thumba lanu, si za malemu. Zichotseni mudule zina. Solani ulusi umodzi pa chidutswa kuti muone kumene nsalu ikuyenda, patani igone motsata pamenepo.

Katoni nayonso imadyeka. Mukazunguliza choko ndi sizasi maulendo mazana makona amabulungika. Masikweya a chofundachi ndi 378, katoni imodzi singapirire. Ya 36 cm imene mudulire mafelemu ikhale yolimba, pulayiwudi yopyapyala kapena hadibodi, kalipentala akudulireni ndi sikweya yake. Muyeze kuchokera kona kufika kona mbali zonse ziwiri, zikafanana ndiye kuti ndi yowongoka. Pakati muboole windo kapena mujambule mizere kuti muziona ngati buloko lakhala pakati.

Madala aJere
Ife kale patani zazing'ono tinkadula pa filimu yakale ya ekisirei. Sidyeka ndipo umaona maluwa a nsalu kupyola. Koma ya mainchesi 14 ngati imeneyi pitani kwa kalipentala.

Ndiwonjezere za simbi. Pa zigamba simbi siyenda ngati pa thalauzi. Kuika, kudinda, kunyamula. Mukaikhwekhwereza nsalu imatsata. Ndipo misoko igonetsedwe mosinthana, mzere uwu kumanja, wotsatira kumanzere, kuti polumikiza igwirane yokha pa kona, isaunjikane mbali imodzi singano n'kumadumpha.

Abiti, Mangochi
Ine nkhawa yanga ili pena. Zitenje za malemu zinachapidwa kambirimbiri, zinafupika kale, utoto wotuluka unatuluka kale. Zanu za m'thumba ndi zatsopano. Tsiku limene mwiniwake adzachape, zatsopano za kotoni zidzafupika, zakale ayi, ndipo ngati pali chofiira kapena chabuluu wakuda chidzathira utoto pa chitenje cha mayi ake. Ameneyo sadzakuimbirani foni yothokoza.

Nachisale
Mwandiopsa. Chofiira chilimo, chambiri ndithu.

Abiti
Yesani lero. Tengani zotsalira za mtundu uliwonse, chilichonse m'kapu yakeyake, madzi otentha ndi sopo pang'ono, muponyemo kachidutswa ka bafuta woyera. Pakatha ola muone madzi, koma makamaka muone bafutayo atauma. Nthawi zina madzi amasintha mtundu koma utoto osagwira pa nsalu ina, chimenecho si choopsa kwambiri. Choopsa ndi chimene chadetsa bafuta.

Nabanda
Mchere ndi viniga achemwali. Kuviika usiku wonse, utoto umakhazikika. Agogo anga ankatero, inenso ndimatero.

Naphiri
ANabanda mundikhululukire, lero ndakutsutsani kawiri. Mchere amathira popaka utoto kuti ulowe mu ulusi, osati nsalu itatuluka kale m'fakitale. Viniga amathandiza pa ubweya ndi silika, pa kotoni ayi. Utoto umene ukutuluka pa chitenje chatsopano ndi wotsalira umene sunagwire, ndipo mankhwala ake ndi kuuchotsa. Mukaviika usiku wonse n'kutsukuluza, chimene chagwira ntchito ndi madziwo.

Nabanda
Kaya. Ine zanga sizisuluka.

Madala aJere
Thiranimoni mcherewo ngati mtima ukufuna, suwononga kanthu. Koma madzi akhale ambiri ndipo asinthidwe mpaka ayere.

Nachisale
Zotsatira. Chofiira chadetsa bafuta, wasanduka pinki. Chabuluu madzi anada pang'ono koma bafuta ali mbee. Zina zonse zili bwino. Chofiiracho chili m'mabuloko 16.

Abiti
Ndiye dongosolo lisinthe, kuviika kubwere felemu isanalowe. Buloko lililonse muyambe mwalisoka mzere umodzi kuzungulira, 5 mm kuchokera m'mphepete, kuti lisayoyoke ndi kuti misoko isatseguke. 26 opanda chofiira muviike m'madzi ofunda, osafikisa, osafinya mopotokola. A chofiira 16 paokha, awiri kapena atatu pa beseni lalikulu lodzaza, madzi otentha ndi sopo wamadzi wotsukira mbale. Madzi akafiira tayani, thirani ena, mpaka asiye. Chimene chimadetsa ndi madzi ochepa komanso kusiya nsalu yonyowa itapindana, chofiira chitagona pa choyera. Mukatulutsa yalani pa thaulo kapena pa mkeka woyera pamthunzi, lililonse palokha, osapachika pa chingwe chifukwa lilemera n'kutamuka. Kusita likadali ndi kachinyezi.

Mukatero muyezenso, chifukwa manambala asintha pang'ono. Kotoni watsopano amatha kubwerera ndi 3 mm kapena kuposa pa sikweya ya 10 cm. Felemu ya Mayi Nambewe imeza zimenezonso.

Nambewe
Eya, ndipo nsalu ya felemu nayo ichapidwe. Ine ndikanasankha yakuda kapena nevi. Bafuta woyera amakongola ndi zitenje koma ndi amene adzaulule kadontho kalikonse. Yakudayo muiyese m'kapu ngati zinazo, nayonso imatha kutulutsa.

aTembo
Musanaike simbi ya makala pa za m'thumbazo, mukudziwa kuti zonse ndi kotoni? Masiku ano zitenje zambiri zotchipa ndi poliyesitala. Yatsani kachidutswa ndi machesi. Kotoni amayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesitala amakhwinyata kuthawa moto, amasungunuka n'kusiya kampira kolimba kakuda. Ngati zilimo, simbi ikhale yozizirirapo ndipo muyale kansalu pamwamba.

Nachisale
Ziwiri ndi poliyesitala, chachikasu ndi cha mapiko a nkhanga. Ndazindikira. Nanga zitenje ziwiri zothazo? Ndikaziunika padzuwa kuwala kukudutsa.

Naphiri
Vayilini, nsalu yolimbitsira ija yoika kuseri, yopyapyala kwambiri yomata ndi simbi, osati ya makolala. Dulani timasikweya tocheperako pang'ono kuposa malo apakati pa misoko, mumate kuseri kwa zotha zokhazo mabuloko atauma. Yolimba ipangitsa chofunda kukhala ngati katoni. Ndipo posoka pamwamba pake chepetsani kuthina kwa ulusi, sitichi ikhale ya 2.5 mm. Yothithikana kwambiri imadula nsalu yakale.

Madala aJere
Polumikiza mizere, ikani mapini pa kona iliyonse ya felemu kaye, kenako pakati. Ngati mbali ina yatalikirapo ndi timamilimita, imeneyo igone pansi, mano a makina amakoka yapansi msanga kuposa yapamwamba. Mzere woyamba musoke kuchokera kumanja, wachiwiri kuchokera kumanzere, kusinthana choncho. Mukamayambira mbali imodzi nthawi zonse chofunda chimapindika ngati uta. Malamba awiri a m'mbali aja musawasoke kuchokera pa mpukutu n'kudula chotsala. Yezani utali wa chofunda pakati pake, dulani onse awiri pa muyeso umenewo, pindani pakati, phinani pakati ndi kumapeto, chofunda chimvere lamba. Mukatsata m'mphepete mupeza mafunde.

Nachisale
Ndamva Madala. Mwiniwake wayankha, wakonda nevi, akuti ndi mtundu wa siketi imene mayi ake ankapita nayo kutchalitchi. Ndapita ku Limbe kukagula. Mkati ndiike chiyani? Ndinali ndi maganizo a bulangete.

aMwale
Bulangete la munthu wokwera ndege? Chikwama ndi makilogalamu 23, theka lithera chofunda. Komanso Butterfly sidzakoka. Gulani fayiba yopyapyala ya pa mpukutu, m'mashopu a makatani ndi mipando imapezeka. Yonenepa ya maduveti ayi.

Nambewe
Yakumbuyo, zidutswa ziwiri za mamita awiri ndi theka kuzilumikiza m'litali zikupatsani pafupifupi 220 kwa 250. Iyenera kuposa yapamwamba mbali zonse chifukwa posoka zimayenda. Shiti yaikulu ya pa kaunjika ya kotoni nayonso imagwira ntchito ngati ili yabwino, koma pa ntchito ya chikumbutso ngati iyi ine ndikanagula yatsopano.

Poyala mufune simenti yosalala yaikulu, ine ndimapempha kalasi ya sukulu ya mkaka Loweruka. Yakumbuyo pansi, nkhope yake kuyang'ana simenti, kuimata ndi selotepi itawongoka koma osaikoka. Fayiba pamwamba, kenako zigamba. Mapini otseka aja a matewera, kuyambira pakati kupita kunja, motalikirana chikhatho chimodzi. Akachepa, tungani ndi singano ya pamanja masitichi aatali.

Nachisale
Kusoka kwake pa Juki kapena pa Butterfly?

aTembo
Juki ili ndi mpata waukulu pakhosi, koma imathamanga. Ngati phazi lanu limatha kuigwira mtima, Juki. Singano ya nambala 16, sitichi 3 mm kapena kuposerapo, masulani pang'ono sikuluwu yapamwamba imene imapanikiza phazi kuti nsalu yapamwamba isakankhidwe. Pindani chofunda ngati mkeka mbali imene ikulowa pakhosi, tebulo lina kumbuyo ndi kumanzere kuti kulemera kusakoke singano. Mtsikana wanu agwire mpukutu. Yambani ndi mzere wapakati m'litali, kenako wapakati mopingasa, n'kumapita kunja. Sokani mu msoko wa pakati pa mafelemu ndi ulusi wa nevi, mukaphotchola pang'ono palibe adzaone.

Naphiri
Koma mizere ya m'mafelemu yokha ndi yotalikirana 34 cm, fayiba idzaunjikana pochapa. Mkati mwa buloko lililonse mumange pa makona anayi a sikweya yapakati ndi ulusi wa kolosheti, kulowetsa kawiri n'kumanga mfundo iwiri, kusiya timichira ta 1.5 cm. Ndi mfundo 168, anthu awiri madzulo amodzi. Pa nsalu yothayo kumanga n'kwabwino kuposa kuiboola ndi mizere ina ya makina.

Nabanda
Ndipo mtengo mukwezeko. Felemu, kuviika, mfundo, zonsezi ndi ntchito.

Nachisale
Ya nsalu ya nevi yokha wavomera kuwonjezera chifukwa bodala akanagulanso nsalu. Zinazo ndi zanga, sanalakwitse ndi iye.

Nachisale
Ndabweranso, lero Lachitatu. Chofiira chinasiya kutulutsa pa madzi achinayi, palibe chadetsedwa. Nditaviika aakulu anabwerera pa 32.6 mpaka 33, aang'ono pa 30.7 mpaka 31. Mafelemu onse anasoka mtsikana pa Butterfly ndi selotepi ya aTembo, ine ndimadula ndi hadibodi. Makona onse 30 amkati akumana, awiri okha ndi amene aphonyana ndi kamilimita. Nsalu yapamwamba inatuluka 210 kwa 240. Titasoka ndi fayiba ndi kumanga mfundo yabwerera pa 207 kwa 237. Ndatumiza zithunzi. Ndalakwitsanso pena?

Nambewe
Simunalakwitse, fayiba imadya pang'ono nthawi zonse. Pa bedi ya 152 chikulendewerabe kuposa 27 cm mbali iliyonse. Chakongola, ndipo ndayesa kufufuza aakulu ndi aang'ono pa chithunzi, ndachita kuwerenga kuchokera pa kona kuti ndiwapeze.

Nachisale
Chatsala ndi kupinda m'mphepete. Ndidule bayasi?

Madala aJere
Makona ake ndi owongoka, bayasi ndi ya zokhota, musawononge nsalu. Dulani malamba a 6.5 cm mowongoka, okwana mamita 9 ndi theka. Polumikiza malambawo msoko ukhale wopendekera kuti pasatupe. Pindani pakati m'litali, sitani, sokani kutsogolo pa 1 cm mbali zosapinda zitayang'ana kunja, tembenuzirani kumbuyo, malizani ndi singano ya pamanja. Musanayambe, dulani fayiba ndi yakumbuyo zifanane ndi yapamwamba, hadibodi yanu ija muigoneke pa kona iliyonse kuti iwongoke.

Abiti
Ndipo mumulembere kapepala kochapira. Madzi ozizira, paokha, osasiya chonyowa m'makina usiku. Kumeneko amaumitsa ndi makina otentha, mumuuze achepetse moto chifukwa cha vayilini ndi poliyesitala uja.

Nachisale
Ndalemba. AMwale, hadibodi ya 36 ija ili pano, wofuna kubwereka wa ku Blantyre kuno andiuze.

aMwale
Ine ndili kutali, koma mtsikana wanuyo mumufunse ngati akufuna kulowa m'gulu lino, mundipatse yankho ku inibokosi ndimuike.